Mpira Umene a Lazalo Anaufulatira

Pa pulazi ina ya fodya ku Selous, munthu wofuna mkangano sankavutika kuusaka. Ankangozungulira kuseri kwa mabalani, kumene a Lazalo Mwale ankasonkhezera moto, n'kunena kuti Ma Rovasi ndi timu ya makhukhi, anthu odziwa kuwiritsa tiyi basi. Akatero, tsiku lathera pomwepo. A Lazalo ankaponya chikuni pansi, kudzipukuta thukuta ndi chipewa, n'kuyamba kuwerengera munthuyo zigoli zonse zimene Ma Rovasi anachinya kuyambira chaka chimene Chitaganya chinayamba. Ankatchula wochinya, mwendo umene anachinyira, ndi mbali imene goloboyi anagwera. Munthu ankachita kuthawa yekha, a Lazalo akumulondola ndi mawu mpaka kushedi.

Chopweteketsa mutu n'chakuti timu imeneyi a Lazalo anali asanaionepo ndi maso awo, ngakhale kamodzi.

Iwo anabadwira kufupi ndi Linthipe, ku Dedza. Anabwera kuno ali mnyamata pa malole a Ulere aja, onyamula ofuna ntchito osalipira, atauza amayi awo kuti akungokatenga njinga ndi bulangete, mvula ikamagwa adzakhala atabwerera. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, munthu osaoneka. Anayendayenda m'mapulazi a ku Norton mpaka anakhazikika ku Selous, nakwatira Esinati, mwana wa Mnyasa mnzawo wa pakomboni pomwepo, n'kubereka mwana woyamba dzina lake Filesi. Ntchito yawo inali moto. Fodya akamangidwa m'balani, a Lazalo ndiwo ankakhala pakamwa pa ng'anjo, kuponyamo nkhuni, kusuzumiramo, kuchepetsa, kuwonjezera, mpaka tsamba litapsa bwino. Lamulungu ankapemphera kutchalitchi cha Dachi, pansi pa denga la udzu, ndipo ankaimba besi yomveka mpaka kudamu.

Timu yawoyo dzina lake lonse inali Linthipe Rovasi. Inali ya ku Harare, imene masiku amenewo inali lokeshoni ya anthu akuda m'mphepete mwa tauni ya Sozibele. Anaiyambitsa anyamata a ku Dedza ogwira ntchito m'makhitchini ndi m'magadeni a azungu. Atangomva dzina loti Linthipe, a Lazalo mtima unagwa momwemo, ndipo sunatulukenso.

Nanga ankadziwa bwanji zonse zija? Ankamva kwa Zeferino, dalaivala wa lole ya pulaziyo, munthu wa ku Tete wa mano otalikirana. Zeferino ankapita m'tauni kukatula mabelo ku okushoni kapena kukatenga katundu, ndipo ankadziwa kukonza maulendo ake kuti Lamulungu limupeze ku Harare. Akabwerako, a Lazalo ankamudikirira pageti ngati mwana wodikira amake ochokera kuchigayo. Tsoka lake, Zeferino ankachemerera timu ina, Ma Zambezi, ya anthu akwawo. Choncho Ma Rovasi akapambana, nkhani inkabwera yowonda: akuti mphepo inawathandiza, akuti woyimbira ndi mlamu wawo. Akagonja, eee, inkabwera yonenepa, ya manja ndi miyendo yomwe, Zeferino akuchita kugwa pansi kusonyeza mmene goloboyi anagwera. A Lazalo ankamvetsera akukukuta mano, kenako n'kukhala pansi kuipeta nkhaniyo, kuchotsamo mabodza a Zeferino, kuti apeze mpira weniweni umene unaseweredwa.

M'nkhani zonsezo munali munthu mmodzi amene ngakhale Zeferino ankalephera kumunyoza. Ameneyo anali Sixpence, kamnyamata kakafupi kosewera kumanzere, kogwira ntchito yochapa zovala pahotela ina. Akuti kakatenga mpira kankadyetsa anthu njomba mpaka ena kukhala pansi osafuna. Zeferino akafika pa Sixpence ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Uyo yekha, achimwene, mpaka mutamuona nokha." Mawu amenewa ankawalasa a Lazalo kuposa chipongwe chilichonse.

Musaganize kuti sankayesa kupita. Ankayesa chaka ndi chaka, koma pulazi ya fodya ilibe Lamulungu lopanda chochita. Mpira ukamayamba, moto uli m'mabalani, ndipo munthu wa moto sachoka. Moto ukazima, kwabwera kusankha fodya, a Lazalo awaika kufewetsa masamba ndi nthunzi. Kusankha kukatha, nazale zafesedwa, zofuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ndiye panali mzungu wa pulaziyo, amene pakomboni ankamutcha Mapaipi, munthu woti ukamupempha chilolezo chopita m'tauni ankakuyang'ana ngati wamupempha mkazi wake. Chaka china analola, koma kutatsala pang'ono kunyamuka pakomboni panagwa maliro, ndipo a Lazalo ndiwo anali mkulu wa adzukulu okumba manda. Chaka china lole inafera pa Norton. Munthu ukhoza kuseka, koma a Lazalo sankaseka.

Kenako maso anayamba. Poyamba ankati ndi utsi chabe. Koma anazindikira kuti munthu akamabwera kuchokera kudamu, sakumudziwa mpaka atayandikira. Dokotala wamng'ono wa pachipatala cha ku Norton anawatsegula zikope n'kunena kuti ndi ng'ala, ikubwera pang'onopang'ono, maso onse awiri. A Lazalo anati ndi moto wa Mapaipi wawadya maso. Kaya chinali chiyani, anabwerera kunyumba ndi mantha amodzi okha. Sanaope kulephera ntchito, sanaope kugwera m'dzenje. Anaopa kuti khungu lidzawapeza asanamuone Sixpence.

Chaka chimenecho, Chitaganya chitayamba kugwedezeka, zinthu ziwiri zinachitika pafupifupi nthawi imodzi. Esinati anabereka mwana wamwamuna, chitsirizira, ndipo Ma Rovasi anafika ndime yomaliza ya chikho. Okumana nawo anali Ma Zambezi a Zeferino.

Za dzina la mwanayo panali nkhondo. Esinati ankafuna Jameson, dzina la malemu bambo ake. A Lazalo anavomera kuti kutchalitchi akalembetse Jameson, koma iwo kuyambira tsiku loyamba ankamuitana Sixpence, ndipo pakomboni ponse panatengera iwo.

Mwayi wa ulendo unabwera wokha. Lole inkapita m'tauni Loweruka kuti Lolemba ikanyamule matumba a feteleza, ndipo munthu wothandiza kukweza anali atadzitema phazi ndi khasu. A Lazalo, ndi imvi zawo, anakaima pamaso pa Mapaipi n'kunena kuti msana wawo ndi wa mnyamata. Mzungu uja anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaseka, n'kuwalembera chilolezo.

Esinati anawasitira jekete la kutchalitchi uku akung'ung'udza. "Tsiku la Mulungu, inu mkulu wa nyimbo, muli kumpira. Chabwino, pitani. Mukawayang'anitsitse anyamata anuwo, bambo a Filesi, mukhute. Mwina mukabwerako makutu athu adzapumako."

Lamulungu m'mawa a Lazalo anali atavala kale dzuwa lisanatenthe. Anamuumiriza Zeferino kuti awaperekeze kumene Ma Rovasi ankasonkhana, kuti akangowagwira chanza anyamatawo mpira usanayambe. Zeferino anawasiya pakhomo pa kanyumba kena ka njerwa, iye n'kupita kwa anzake. Osewera anali m'kati, chitseko chotseka, chifukwa tsiku la chikho sankaonedwa ndi anthu wamba. Panja, pansi pa mtengo wa bulugamu, panali akuluakulu a timu ataunjikana, nkhope zili gwa ngati pamaliro. Pakati pawo panali a Yeremiya, wapampando, khukhi wamkulu wa pahotela, atamanga tayi kutentha konseko.

A Lazalo anapereka moni, anatchula mudzi wawo ndi mfumu yawo, ndipo anthu anawalandira bwino. Akanangokhala chete pamenepo, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma pakamwa pa a Lazalo panalibe chitseko. Anayamba kufotokoza mmene amaikondera timuyo, zaka zimene adikira, zigoli zimene amazidziwa pamtima. Kenako, chifuwa chili patsogolo, anati, "Ngakhale mwana wanga wakhanda, wangobadwa kumeneyu, ndamutcha Sixpence!"

A Yeremiya anatukula mutu. "Wangobadwa kumene, mwatero?"

"Mchombo wagwa dzanadzanali."

"Ndiye kuti simunamutenge mwanayo?"

"Aaa, ayi, nthawi yake sinakwane. Ife timasunga mwambo, ngakhale tili kuchilendo."

Akuluakulu aja anayang'anana. Nkhope zinayamba kumasuka mmodzimmodzi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma a Lazalo anangoona ngati anthuwo akondwera ndi dzina la mwana.

Nkhani yake inali iyi. Kwawo kwa anthu amenewa, mkazi akabereka, mwamuna amatalikirana ndi mphasa mpaka tsiku lotenga mwana, ndipo munthu wotero amatchedwa wozizira. Tsono Ma Rovasi anali ndi nsupa ya mankhwala yotsekera golo, imene sing'anga wawo analamula kuti izisungidwa ndi munthu wozizira yekha. Wotentha akaikhudza, mankhwala asukuluka. Nkhalamba imene inkagwira ntchitoyi zaka zonse inali itangokwatira kumene sabata yomweyo, osauza munthu. Kuyambira m'bandakucha a Yeremiya anali akufunsa amuna a mulokeshoni mmodzimmodzi kuti wozizira ndani, ndipo aliyense ankangoyang'ana pansi n'kumakanda m'mutu.

"Bambo Mwale," anatero a Yeremiya atawagwira dzanja ndi manja awiri, "akuluakulu sananame, mlendo ndi amene amayenda ndi kalumo kakuthwa. Inu sanakutumeni ndi munthu. Chikho ichi chili m'manja mwanu."

A Lazalo anamva kukoma mpaka kumapazi. Anavomera asanamve n'komwe kuti ntchitoyo imagwiridwa bwanji. Atavomera ndi pamene anawauza. Wosunga nsupa amakhala kunja kwa mpanda, kuseri kwa golo la timu yake, atayikhalira nsupayo. Amafulatira bwalo. Diso lake likangoona mpira, ngakhale pang'ono, golo latseguka.

"Kufulatira?" anafunsa a Lazalo. "Mpira wonse?"

"Wonse, bambo. Kuyambira wenzulo yoyamba mpaka ine nditabwera kudzakudzutsani."

"Koma inetu ndachokera ku Selous kudzaona. Maso angawa akupita. Ndadikira zaka."

"Mudzaona chaka chamawa, tidzakukhazikani kutsogolo penipeni. Lero lokha. Kapena mukufuna anthu a ku Tete akanyamule chikho, inu muli pompo mukuonerera?"

Funso limenelo ndi limene linawamaliza. Anaganiza za mano a Zeferino, mmene akanawaonetsera chaka chathunthu. Anaganiza zoti akakana, Ma Rovasi n'kugonja, Dedza yense wa mu Sozibele adzadziwa kuti anagonjetsa timu ndi Lazalo Mwale wa ku Selous. Anatukwana chamumtima, anatukwana pakamwa pawo, anatukwana nkhalamba yosaugwira mtima ija, n'kutambasula manja kulandira kathumba ka chiguduli.

Bwalo linali lozunguliridwa ndi mpanda wa malata. Anthu ankakhamukira pageti, ena atavala masuti, ena atanyamula malipenga a nyanga, amayi atatchena ngati kuukwati. A Lazalo anawadutsa onsewo, a Yeremiya ali patsogolo, mpaka kuseri kumene kunalibe munthu kupatula mayi wina wa Chishona wogulitsa mahewu m'chidebe. Anawakhazika pansi, msana utatsamira malata otentha, nkhope italoza kumulu wa zinyalala ndi njanji ya sitima.

Wenzulo inalira. Phokoso linakwera ngati mvula ya matalala padenga. A Lazalo anamva mpira ukugunda, dii, dii, kumbuyo kwawo kwenikweni, pafupi moti akanatha kuuponyera mwala. Khosi linkafuna kutembenuka lokha.

Mayi wa mahewu anawayang'ana kwa nthawi, kenako analephera kupirira. "Ko nhai baba, bhora riri uku, imi makatarisa uko?"

"Ndikudziwa kumene kuli mpira, mayi," anayankha mokalipa. Koma posakhalitsa anafewa, chifukwa anaona kuti mayiyo waima pafupi ndi kabowo ka msomali pa lata. Anamupempha, m'Chishona chawo chothyokathyoka, kuti asuzumire n'kumawauza zimene zikuchitika.

Mayi uja anaika diso pabowo. Anakhala, anakhala.

"Nanga? Akutani?"

"Vari kungomhanya."

"Ndikudziwa kuti akuthamanga! Akuthamanga ndani? Athu ofiira kapena oyera?"

"Vese."

Onse! A Lazalo anagwira mutu ndi manja awiri. Zaka zonse zija ankadandaula ndi mabodza a Zeferino, lero anawalakalaka. Anthu akafuula, sankadziwa ngati akufuula akwawo kapena adani. Lipenga likalira, mtima unkathamanga, kenako n'kumva kuti ndi kona chabe. Mayi uja anatopa nazo n'kubwerera kuchidebe chake, ndipo anawapatsa kapu ya mahewu mwaulere, poganiza kuti mkuluyu mutu sukuyenda bwino.

Pa nthawi yopuma, matimu akusinthana magolo, a Yeremiya anabwera akuthamanga, tayi ili paphewa. Panalibe wochinya. Tsopano nsupa inayenera kusamukira kugolo linalo, ndipo njira yake inkadutsa pageti lotsegula. Kuti diso lisachite ngozi, a Yeremiya anawaveka thumba kumutu n'kuwagwira dzanja. Anthu ogula mtedza pageti ataona munthu wa jekete, mutu uli m'chiguduli, akuyenda mopapasa, anayamba kukuwa kuti, "Chigure! Chigure!" poyesa kuti Anyasa abweretsa gule wawo kumpira. Taganizani, munthu wa Dachi, woimba besi, wosalawa ngakhale mowa, kumutcha chinyau pamaso pa Harare yense. M'thumbamo a Lazalo misozi ya ukali inalengeza.

Mbali inayo inali yoipa kuposa yoyamba. Kunali zimbudzi, ndipo mphepo inkachokera komweko. Kunalibe ngakhale wa mahewu. Koma kunali china: lata limene anatsamira linali long'ambika pang'ono, mpata wolowa zala ziwiri, pafupi ndi khutu lawo lamanja. Sakanafunika n'kudzuka komwe. Kungopotoza khosi basi.

Ndiye anthu anayamba kuimba dzina lija. "Sixpence! Sixpence!" Linayambira mbali imodzi, linafalikira bwalo lonse, likukwera, likukwera. A Lazalo anadziwa kuti kamnyamata kaja katenga mpira, kakupita, kakuwadyetsa njomba mmodzimmodzi. Anadziuza kuti kuphethira kumodzi sikungasukulutse mankhwala. Anadziuza kuti iwo ndi Mkhristu, za nsupa n'zachabe, abusa anatero. Khosi linayamba kupotoka. Kenako anaganiza kuti, nanga zikakhala zoona? Anatsinzina mwamphamvu n'kuluma kolala ya jekete.

Bwalo linaphulika. Malata ananjenjemera msana wonse. M'phokosomo anamva mawu a Chinyanja cha kwawo akukuwa kuti, "Chalowa! Chalowa!" Sixpence anali atachinya, kugolo lakutali, ndipo a Lazalo anachiona chigolicho monga anaonera zina zonse, ndi makutu. Anakuwa nawo ali chikhalire, akumenya pansi ndi zidendene, chimwemwe ndi mkwiyo zitasakanikirana moti sakanatha kuzilekanitsa.

Mpira uli pafupi kutha, wenzulo inalira moipa, ndipo anthu a ku Tete ndiwo anakondwa. Penate, pagolo lomwelo limene a Lazalo anakhala kuseri kwake. Bwalo lonse linangoti zii. Anamva goloboyi akulavulira m'manja kuseri kwa lata. Anamva mapazi a womenya akubwerera m'mbuyo. A Lazalo anaikanikiza nsupa ija ndi thupi lonse, ngati munthu wotsendera fodya m'belo, akupemphera Atate Wathu, osaona n'komwe kuti akusakaniza zinthu zosasakanizika.

Phaa! Lata linawamenya pankhongo mpaka chipewa chinagwa. Mpira unali utadutsa pamwamba pa golo n'kudzagunda mpanda, pamutu pawo penipeni. Pa moyo wawo wonse, apo ndi pamene a Lazalo anayandikana kwambiri ndi mpira wa Ma Rovasi.

Wenzulo yomaliza italira, anafuna kudumpha, koma anakumbukira lamulo: mpaka a Yeremiya atabwera. Anadikira. Anamva nyimbo zikuzungulira bwalo, anamva osewera akunyamulidwa pamapewa, anamva chikhamu chikutulukira geti la kutsidya, kulowera kuholo ya mowa. Phokoso linka lichepa. A Yeremiya anawakumbukira dzuwa litapendeka, anabwera akununkha chibuku cha ena, anawakumbatira, anawatcha ngwazi, anatenga nsupa yawo n'kuthamangira kumene kunali chikho. A Lazalo atalowa m'bwalomo anapezamo makoko a mtedza, zikhutu za nzimbe, ndi galu mmodzi akununkhiza pagolo.

Pobwerera Lolemba, msana ukuwawa ndi matumba a feteleza, anamupempha Zeferino kuti awafotokozere mmene chigoli chija chinalowera. Zeferino, amene timu yake inali itagonja, anangoyang'ana msewu. "Munali komweko, achimwene. Mundifunsiranji ine?" Atadutsa Norton anayamba kuseka yekha, chifukwa nkhani ya thumba lija inali itamufika kale.

Pakomboni anthu anali atasonkhana kudikira kuti amve kwa mwini wake. A Lazalo asanatsike n'komwe, Zeferino anali ataitaya nkhani yonse, ya mahewu, ya chigure, ya zimbudzi. Anthu anaseka mpaka kugwirana. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linasanduka a Wozizira, ndipo ngakhale Mapaipi analimva n'kumawaitana choncho osadziwa tanthauzo lake. A Lazalo ankayankha kuti sekani, koma penate ija anaigwira ndani? Ankanena motsimikiza, ndipo ankakhulupiriradi. Koma akakhala okha pang'anjo ankadzitukwana, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo, ndipo iwo anausiya wawo pachala chifukwa chotamidwa ndi khukhi wa tayi.

Esinati yekha sanaseke. "Ndiye kuti za m'nyumba mwanga muno zakafika pabwalo la mpira? Harare yense akudziwa mmene tikugonera? Munapita kukaona, bambo a Filesi. Ndinakusitirani jekete kuti mukaone. Mwabwera ndi chiyani?"



Chaka chotsatira ndi chimene Chitaganya chinatha. Anyasa ambiri a m'tauni anayamba kumanga katundu, akuti kwawo kukubwera ufulu, ntchito zidzakhala mbwee. Zeferino anabwera ndi uthenga woti Ma Rovasi atsala ndi mpira umodzi wotsanzikana, ukatha timu ithetsedwa, chifukwa theka la osewera, Sixpence yemwe, agula kale matikiti a basi. Ulendo uno a Lazalo sanapemphe mwaulemu. Anauza Mapaipi kuti akupita, akafuna awachotse ntchito. Mzunguyo, amene mutu wake unali pa zandale masiku amenewo, anangokupiza dzanja.

A Yeremiya atawaona a Lazalo pageti la bwalo la mpira anatambasula manja. "Wozizira wathu wafika!"

"Wozizira ndi agogo anu," anatero a Lazalo mokweza, anthu onse akumva. "Lero ndine wotentha ngati balani. Mukakayika kafunseni mayi a Filesi ku Selous. Nsupa yanuyo ikayandikira kwa ine isungunuka. Munalonjeza kutsogolo, ndipatseni kutsogolo."

Anawapatsadi. Anawakhazika pabenchi yoyamba, pafupi ndi chingwe, Zeferino ali pambali pawo. A Lazalo anavula chipewa, anapukuta maso ndi kansalu, anakhala mowongoka. Mtima unkagunda ngati wa mkwati.

Matimu analowa, anthu anakuwa, wenzulo inalira. A Lazalo anayang'ana. Anaona kuwala kwambiri, ndi zinthu zofiira zikuyandama uku ndi uku, zopanda miyendo, zopanda nkhope, monga anthu amaonekera m'chipinda cha nthunzi chofewetsera fodya. Anapukutanso maso. Anatsinzina limodzi, anayesa linalo. Anaphimba dzuwa ndi dzanja. Mpira ankaumva ukugunda, koma kuuona ayi. Kunyumba ankayenda bwinobwino m'njira zozolowera, ankazindikira anthu ndi mawu, moti sanadziwe kuti ng'ala ija yafika pamenepa.

"Uyo!" Zeferino anawagunda ndi chigongono. "Uyo Sixpence wanu, achimwene! Akubwera mbali yathu ino!"

"Kuti?"

"Uyu, uyu, pamaso panu!"

Chinthu chofiira chinadutsa. Anamva mapazi opepuka, kupuma kwa munthu, kafumbi kanawagwera pamilomo. Anthu anaimirira n'kukuwa. Basi, chinali chitapita.

"Mwamuona? Mwaona mmene wamukhazikira pansi uja?"

 Zeferino anatembenuka n'kuwayang'ana a Lazalo kumaso, ndipo kuseka kunamuthera.  Kenako anasendera pafupi, anaika pakamwa pake pakhutu pawo, n'kuyamba: wautenga, wadutsa mmodzi, waima, akumuyitana wachiwiri kuti abwere.

"Usandinamize lero, iwe," anatero a Lazalo mwaukali. "Unene zonse mmene zilili. Ndipo usakweze mawu."

Zeferino ananong'ona mpira wonsewo mpaka kumapeto. A Lazalo anakhala chiwongokere, maso ali tong'o kuloza kubwalo, akutembenuza mutu kutsatira phokoso, kuti aliyense wowaona aziti mkulu uyu akuonera mpira.